Kwa mayi amene akukayezetsa galimoto koyamba

Mayi, ndawerenga funso lanu mofatsa. Mwati munagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito miyezi ingapo yapitayo, chiphaso chake chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu chitha pakadutsa masabata awiri, ndipo aka n'koyamba kuti mupite nayo nokha kumalo oyezera magalimoto. Mwatinso anzanu akupatsani nzeru ziwiri: ena akuti mubwereke matayala awiri abwino a tsiku limodzi lokha chifukwa akutsogolo ayamba kusalala, pamene ena akuti mungopereka mapepala kwa dobadoba kuti akubweretsereni chiphaso galimoto ili chiimire pakhomo. Ndikukupemphani kuti nzeru zonse ziwirizi muzikane, ndipo masabata awiri amene muli nawowa ndi okwanira kuti mukonzekere ndi kukapambana mwachilungamo.

Chifukwa changa n'chakuti galimoto imene mwagula kwa munthu wina simukuidziwa bwino, ngakhale mwayenda nayo miyezi ingapo. Mukudziwa mmene imalirira ndi mafuta amene imamwa, koma simunaionepo kunsi kwake, ndipo simukudziwa ngati mawilo ake onse amagwira mofanana mukaponda mabuleki mwadzidzidzi. Kumalo oyezera n'kumene kuli dzenje lolowa munthu kukasuzumira kunsi, makina oyezera mphamvu ya mabuleki, ndiponso woyeza amene sanakugulitseni galimotoyo ndipo sakufuna kukugulitsani chitsulo chilichonse. Mukagula chiphaso kudzera kuseri, ndalama mwalipira koma chimene mukanapindula nacho mwachitaya, ndipo ngati chiphasocho chitadzapezeka kuti n'chachinyengo, inunso mudzayankha mlandu, osati dobadoba uja yekha. Ngozi ikachitika, a inshulansi nawonso amafufuza mmene galimoto inalili, ndipo angathe kukana kulipira akapeza kuti sinali yoyenera kuyenda pamsewu.

Ndiyambe ndi matayala, popeza ndi amene akukudetsani nkhawa. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo a ku Ulaya ndi Japan, lamulo limafuna kuti mizera ya tayala la galimoto yaing'ono ikhale yakuya mamilimita osachepera 1.6. Simufunika chida chapadera kuti muone zimenezi. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto kuti tayala lakutsogolo lionekere bwino, ndipo yang'anani mkati mwa mizera ikuluikulu: mupezamo timizere tating'ono totukuka, todutsa chopingasa, timene opanga matayala amaikamo dala pa msinkhu wa mamilimita 1.6 omwewo. Ngati pamwamba pa tayala pafanana ndi timizereto, tayalalo latha ndipo palibenso zokambirana. Mizera imeneyi ntchito yake ndi kukankhira madzi kumbali mvula ikamagwa, choncho tayala losalala limayandama pamwamba pa madzi ndipo galimoto simvera chiwongolero kapena mabuleki. N'chifukwa chake kubwereka matayala kumandiwawa mtima: woyeza mumupusitsa kwa ola limodzi, koma mawa lake mudzanyamula ana anu pa matayala akale aja.

Pamene mwagwada pamenepo, pitirizani kuyang'ana. Yendetsani dzanja m'mbali mwa tayala, kunja ndi mkati momwe, kuti mumve ngati pali chotupa, ming'alu kapena pamene waya watulukira, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chimalepheretsa galimoto ngakhale mizera ikhale yakuya. Pambali pa tayala pamakhalanso manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Izi zidzakuthandizani pogula, kuti asakugulitseni tayala looneka latsopano koma lokhalitsa mpaka labala wake kuuma. Ndipo ngati mwaona kuti tayala ladyeka mbali imodzi yokha, kugula latsopano sikuthetsa vuto. Ndiye kuti mawilo sanawongoke kapena chitsulo china cha kumiyendo kwa galimoto chatha, ndipo tayala latsopanolo lidzadyekanso chimodzimodzi m'miyezi yochepa.

Nkhani ya mabuleki ndiifotokoza ndi zimene zinandichitikira ine mwini. Chaka china ndinapita kukayezetsa galimoto imene ndinali nayo ndi chikhulupiriro chonse, popeza ndinali nditangoikitsa mapadi atsopano a mabuleki. Woyeza anaikweza pa zitsulo ziwiri zozungulira zimene zimatembenuza mawilo, n'kuponda buleki pang'onopang'ono uku tikuyang'ana mivi iwiri pa makina, wina wa wilo lakumanzere ndi wina wa lakumanja. Muvi wakumanja unakwera bwino, koma wakumanzere unatsalira kutali. Anandiitana, n'kundilozera ndi chala, ndipo ananena mwaulemu kuti galimotoyo sidutsa. Makaniko atatsegula anapeza kuti caliper yakumanzere, chitsulo chimene chimapanitsa mapadi kuti wilo liime, inagwidwa ndi dzimbiri moti sinkakankha mapadi mokwanira. Poyenda mwapang'onopang'ono sindinkamva kanthu, koma ndikanati ndiponde buleki mwamphamvu ndili pa liwiro, galimoto ikanakokera mbali imodzi. Tsiku limenelo ndinachoka nditakhumudwa, koma patapita nthawi ndinamuthokoza munthu uja mumtima. Ku Ulaya muyezo wake ndi wakuti mphamvu ya buleki ya wilo limodzi isachepere pa 70 peresenti ya mphamvu ya linzake la mbali inayo, ndipo kusiyana kotere munthu sangakuyeze ndi phazi lokha.

Komabe pali zimene mungadziyesere nokha musanapite. Pamsewu wowongoka wopanda anthu, yendani pang'onopang'ono ndi kuponda buleki mutagwira chiwongolero mopepuka, kuti mumve ngati galimoto ikukokera mbali, ikunjenjemera kapena ikulira ngati zitsulo zikukhulana. Galimoto itaima, pondani buleki mwamphamvu ndi kusiya phazi pomwepo kwa kanthawi. Ngati chopondera chikumira pang'onopang'ono, ndiye kuti mafuta a mabuleki akuthawa penapake, ndipo galimoto yotero musayende nayo mpaka ataiona makaniko. Handibuleki muiyese pamtsetse, giya ili pa nyutulo. Tsegulaninso boneti muone ngati mafuta a mabuleki ali pakati pa mizere iwiri ya pa kabotolo kake. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi akamakhalitsa, ndipo opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, zimene eni magalimoto ambiri sachita.

Magetsi ndi amene amabweza anthu ambiri pa zifukwa zotsika mtengo. Madzulo ena pemphani munthu aime kutsogolo kenako kumbuyo, inu mukuyatsa chimodzichimodzi: nyali zikuluzikulu zowala pafupi ndi zowala patali, maindiketa onse, magetsi ochenjeza pangozi, a mabuleki, obwerera m'mbuyo, ndi kababu kounikira nambala yakumbuyo kamene pafupifupi aliyense amakaiwala. Indiketa ikamaphethira mofulumira kuposa masiku onse, kawirikawiri ndiye kuti babu lina la mbali imeneyo lapsa. Imikani galimoto moyang'ana khoma kuti muone ngati nyali ziwirizo zikuunika pa msinkhu wofanana, chifukwa woyeza amaona ngati sizikuthobwa m'maso oyendetsa amene mukukumana nawo. Hutala ilire, mawaipa apukute osasiya mizere, madzi otsukira galasi atuluke, malamba onse atseke ndi kugwira mukawakoka mwadzidzidzi, ndipo zitseko zitseguke kunja ndi mkati. Mng'alu wa pa galasi lakutsogolo amauweruza potengera kukula kwake ndi pamene uli. Ku England, mwachitsanzo, woposa mamilimita 10 kutsogolo kwenikweni kwa woyendetsa ungathe kulepheretsa galimoto, pamene mbali ina imene mawaipa amapukuta malire ake ndi mamilimita 40.

Pa dashibodi ndikuchenjezeni mwapadera, chifukwa galimoto yanu ndi yogula kwa munthu. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, timagetsi tochenjeza timayenera kuyaka tonse, kuphatikizapo ka ABS (chida choletsa mawilo kukhwekhwereza mukaponda buleki mwamphamvu), ka airbag (thumba la mpweya loteteza munthu pangozi) ndi ka injini, kenako n'kuzima injini ikalira. Kagetsi kakakhalabe koyaka, pali vuto loti liunikidwe ndi kompyuta ya ku galaja. Koma ngati kena sikayaka n'komwe potembenuza kiyi, musasangalale, chifukwa pali ogulitsa ena amene amachotsa babu kapena kulimata kuti abise vuto. Oyeza odziwa ntchito amayang'ana zimenezi.

Zakunsi kwa galimoto n'zovuta kuziona nokha, ndipo apa m'pamene ndikukulangizani kuti sabata ino, osati tsiku lomaliza, mupite kwa makaniko amene mumamukhulupirira. Mupempheni aikweze pa jeke kapena aiike padzenje, agwedeze wilo lililonse, ndipo inu muime pomwepo mukuona. Wilo likamasewera poligwedeza, vuto limakhala pa mfundo zolumikiza wilo ku miyendo ya galimoto ndi ku chiwongolero (ball joint ndi tie rod end) kapena pa bering'i imene wilo limazungulirapo. Aonenso ngati ma shock absorber, zitsulo zochepetsa kudumphadumpha kwa galimoto, sakudontha, ngati malabala otchinga ma CV joint, mfundo za zitsulo zozungulitsa mawilo, sanang'ambike, ngati mapaipi a mabuleki ndi a mafuta sakudontha, ngati ekizozi sinabooke, ndiponso ngati dzimbiri silinadye zitsulo zimene zimanyamula galimoto. Muuzeni kuti akulembereni zimene wapeza asanayambe kukonza chilichonse, kuti musankhe nokha zoyamba kulipira. Ngati ndalama zili zochepa, matayala, mabuleki ndi chiwongolero zikhale patsogolo, zokongoletsa zidikire.

Mapepala muwakonze tsiku lisanafike: chikalata cha umwini wa galimoto, chiphaso chakale, inshulansi, laisensi yanu ndi umboni wakuti mwalipira. Chinthu chimene ambiri sachiganizira ndi nambala ya chasisi, imene fakitale inadinda pa galimotoyo. Pa magalimoto ambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17, yopanda zilembo I, O ndi Q kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0, ngakhale kuti magalimoto opangidwira msika wa mkati mwa Japan amakhala ndi nambala yaifupi ya mtundu wina. Ipezeni pa galimotoyo, muipukute kuti iwerengeke, ndipo muiyerekeze chilembo ndi chilembo ndi imene ili pa chikalata. Pakakhala kusiyana, nkhaniyo ndi ya ku ofesi yolembetsa magalimoto, ndipo ndi bwino kuiyamba lero kusiyana ndi kukaidziwira pamzere. Malamulo a nthawi yoyezetsa amasiyana: ku England galimoto yaing'ono imayezedwa koyamba ikakwana zaka zitatu kenako chaka chilichonse, pamene ku Germany ndi ku Japan, pambuyo pa zaka zitatu zoyambazo, imayezedwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Choncho imbani foni kumalo ovomerezeka amene mukufuna kupitako, mufunse zoyenera kubweretsa, ngati pamafunika kusungitsa malo, ngati amafuna zinthu monga matirayango ochenjeza ndi chozimitsira moto, ndiponso masiku amene amapereka kuti munthu akonze ndi kubwereranso akalephera.

Pa tsikulo, tsukani galimoto kunja ndi kunsi, tsitsani katundu yense m'buti, pimani mpweya wa matayala, ndipo onani oyilo ndi madzi. Musapite injini ili yozizira. Yendani nayo kaye kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, chifukwa chida chosefa utsi cha mu ekizozi chimagwira bwino ntchito chikatentha, ndipo injini yozizira imatulutsa utsi woipa kuposa yotentha. Ngati ndi ya dizilo, dziwani kuti poyeza utsi amaiponda mafuta mwamphamvu kangapo, choncho ngati ili ndi timing belt (lamba woyendetsa mavalavu a injini) yakale imene simukudziwa kuti inasinthidwa liti, funsani makaniko wanu za nkhaniyi musanapite. Mukafika, lipirani pamalo olipirira okha ndipo tengani lisiti. Aliyense wokuyandikirani panja n'kunena kuti akuthandizani kudumpha mzere, mumuthokoze ndi kupitirira.

Ngati angakulepheretseni, musakangane ndi woyeza ndipo musachite manyazi. Pemphani kuti akupatseni pepala lolembedwa zolakwika zonse, ndipo pamene simukumvetsa mufunseni akulozereni pa galimoto penipeni. Pepala limenelo mupite nalo ku galaja imene mwasankha nokha, konzetsani zolembedwazo, sungani malisiti, ndipo bwererani masiku amene anakupatsani asanathe. Funsaninso ngati mwa zolakwikazo muli china choopsa moti galimoto siyenera kuyenda n'komwe, chifukwa zikatero iyenera kukokedwa kapena kunyamulidwa popita kokakonzedwa. Mukapambana, werenganibe pepalalo mpaka pansi, pakuti m'malo ambiri amalembapo zinthu zimene zadutsa lero koma zatsala pang'ono kutha, monga mapadi opyapyala kapena tayala loyandikira malire. Chiphaso chimangochitira umboni mmene galimoto inalili pa tsiku loyezedwa, ndipo lamulo limafunabe kuti mwini wake aisamale masiku onse otsatira.

Pa matayala awiri akutsogolo aja, gulani onse awiri nthawi imodzi, a saizi imene yalembedwa pa kachikwangwani ka pa chimango cha chitseko cha woyendetsa kapena m'buku la galimotoyo, ndipo akhale ofanana. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti atsopano aikidwe kumbuyo ndipo akumbuyo apite kutsogolo ngati akadali abwino, chifukwa galimoto ikaterereka chakumbuyo imavuta kwambiri kuibweza. Mukatha kuwaika, awongoleretseni mawilo tsiku lomwelo, kenako sungitsani tsiku loyezetsa m'sabata yoyamba ino, kuti ngati pangapezeke china chokonza, sabata yachiwiri ikhale yanu chiphaso chakale chisanathe.