Shopu ya chamba ku Ontario: achimwene, ndalamazo musathamange nazo

Sabata yatha ndinalandira imelo kwa m'bale wathu wina amene ali ku Canada, dzina sinditchula. Akuti mnzawo wakuntchito akuwakopa kuti asonkhe ndalama atsegule shopu yogulitsa chamba ku Ontario popeza kumeneko nchololedwa, ndiye akufunsa ngati geni yake ili ndi phindu, kapena agule chabe masheya a makampani omwe ali kale ndi mashopu.

Achimwene, nkhani yanu yandikhala pamtima chifukwa ndalama zimenezo ndikudziwa kuti mwazipeza mukudzuka mbandakucha mu chisanu. Ndiye ndikuuzani mosabisa, ine sindingaike.

Zoti nchololedwa nzoona. Canada inalola chamba chosuta pa 17 October 2018, ndipo ku Ontario mashopu oyamba anatsegula mu April 2019, malaisensi anali 25 okha ochita kupatsidwa pa mayere. Amene anapata nthawi imeneyo anadyadi bwino poti anthu ankachita kuima pamzere. Koma boma litasiya za mayerezo aliyense anathamangira, pofika 2021 mashopu anali atapitirira 1,000, ku Toronto mumsewu wa Queen Street West ukayenda pang'ono shopu, kutsogoloko ina, kutsidya kwa msewu inanso.

Tsono vuto lenileni lili pa kopikula. Shopu iliyonse ku Ontario imaoda katundu malo amodzi basi, ku Ontario Cannabis Store, yomwe ndi ya boma la chigawocho. Ndiye kuti paketi imene muli nayo inuyo neba wanu alinso nayo, anaigula mtengo womwewo, yotsekedwa kale ku fakitale ili ndi sitampa ya msonkho ndi chenjezo lachikasu, kasitomala sangatsegule kuti anunkhize ngati momwe timasankhira fodya kapena nsomba pamsika, kutsatsa malonda nakonso malamulo ake ngothina zedi, komanso munthu mmodzi simungamugulitse kupitirira magalamu 30 ulendo umodzi. Mwatsala ndi chani choti mukope nacho anthu? Kutsitsa mtengo basi. Ndipo pa mpikisano wotsitsa mtengo amapambana ndi amene ali ndi mashopu ambirimbiri ngati Canna Cabana ya kampani ya High Tide, osati anthu awiri osonkherana amene lendi ikuwadikira mwezi ndi mwezi. Osaiwalanso ogulitsa mozemba aja sanathe, iwo salipira msonkho kapena laisensi.

Za masheya nazo samalani. Canopy Growth, kampani ya chamba ya ku Smiths Falls ku Ontario imene kampani ya mowa ya ku America ya Constellation Brands inathiramo madola aku America pafupifupi 4 biliyoni mu 2018, inagulitsa mashopu ake a Tweed ndi Tokyo Smoke mu 2022. Fire & Flower inali ndi mashopu ambiri koma mu 2023 inakapempha khoti kuti liiteteze kwa angongole. Ku America kampani ya mashopu a chamba ya MedMen inagwa mu 2024, kumeneko zinthu nzovutanso mwina chifukwa boma lalikulu la Washington silinavomereze chamba chosuta ngakhale zigawo ngati Colorado zinayamba kugulitsa mu 2014, mabanki ambiri amaopa ndalama zake.

Ngati mtima ukukanabe kusiya, yambani mwalowa ganyu mu shopu ya wina miyezi ingapo. Muchita kakosi kotchedwa CannSell, kenako muziima pakauntala kuona ma ID poti osakwana zaka 19 saloledwa, muone ndi maso anu kuti pa tsiku mukulowa anthu angati ndipo bwana akutsala ndi zingati akalipira lendi ndi antchito. Mnzanuyonso mumufunse mapepala, laisensi ya AGCO, bungwe la boma la Ontario lopereka malaisensi a mashopuwa, ikhala m'dzina la ndani, nanga inu mwalembedwa pati.

Chinanso chonde, tsiku lobwera kumudzi musayerekeze kuponya kapaketi mu chikwama. Kutuluka nacho m'malire a Canada ndi mlandu, ndipo kuno lamulo lathu la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha kwa amene ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority, chosuta apolisi akumangabe.