Mneni agwirizane ndi dzina liti?

Mwafunsa chifukwa chimene "The box of apples are heavy" chili chiganizo cholakwika pomwe "apples" ndi zambiri. Vuto ndi loti mwagwirizanitsa mneni ndi dzina loyandikana naye. Mwininkhani ndi "box", bokosi limodzi, choncho mneni woyenera ndi "is". Okonza mayeso amaukonda msampha umenewu: amathira mawu ambiri pakati kuti diso lisokere. Inu phimbani ndi chala gawo loyamba ndi mperekezi, "of apples", muwerenge zotsalazo. Cholakwika chimaonekera pompo.

Chenjeraninso ndi "as well as", "together with" ndi "along with". Awa sachulukitsa mwininkhani monga amachitira "and". Ndi "The teacher, as well as the pupils, was late", osati "were".

Pa "either...or" ndi "neither...nor" ndiye lamulo limatembenuka: mneni amatsata dzina lapafupi. "Neither the coach nor the players are ready", koma mukasinthanitsa mainawo mulemba "is". "Each" ndi "everyone" amatenga mneni wa chimodzi. "A number of" amatenga "are", pomwe "the number of" amatenga "is"; apa ambiri amagwa.

Nkhani ina ndi ya zining'a za Chingerezi, mawu oyenda ndi mperekezi wokhazikika: izi zilibe lamulo loti mulingalire, n'zoloweza basi. Lowezani mawu pamodzi ndi mperekezi wake: "prefer tea to coffee" (osati "than"), "capable of", "regard as", "comply with". Ndikulangizani kulemba chilichonse m'chiganizo chanuchanu, chifukwa mndandanda wa mawu okhaokha sukhalitsa m'mutu.