Mwana akufuna za sola, bambo akuti udokotala

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 wa ku Linthipe, m'boma la Dedza. Akuti anawerenga pa foni za ma semiconductor (zinthu zopangira mapanelo a sola) a direct bandgap, sanamvetse bwino, koma akufunitsitsa kudzapanga mapanelo a sola. Bambo ake akuti zimenezo n'zachibwana, asankhe udokotala basi. Makalata otere sasowa mayeso a MSCE akayandikira.

Tiyambe ndi chimene sunamvetsecho, mwanawe. Kuti elekitironi (kanthu kakang'ono kwambiri ka mu atomu) iyende n'kupereka magetsi, iyenera kudumpha mpata wa mphamvu wotchedwa bandgap, ndipo mphamvu yodumphirayo imachokera ku kuwala. Mu semiconductor yotchedwa gallium arsenide mpatawo ndi 1.42 eV (eV ndi muyeso wa mphamvuyo), ndipo pokatera pali moyang'anizana ndi pomwe elekitironi yaima. Kuwala kukangofika, yadumpha. Ameneyo ndiye direct. Mu silicon mpata ndi wocheperapo, 1.12 eV, koma pokatera pali chapambali, ngati kudumpha ngalande mopingasa. Kuwala kokha sikukwanira. Pamafunikanso kunjenjemera kwa maatomu kuti kuikankhe nthawi yomweyo. Ziwirizi sizikumana kawirikawiri, choncho kuwala kumalowa mkati ndithu kusanagwidwe. Kagawo ka gallium arsenide ka maikulomita awiri (maikulomita 1,000 amapanga milimita imodzi) kamagwira kuwala kumene silicon amafunira maikulomita oposa 100. Potulutsa kuwala nkhani ndi yomweyo: nchifukwa chake mababu a LED a m'nyumba mwanu amapangidwa ndi gallium nitride, yemwenso ndi wa direct, osati silicon.

Nanga bwanji mapanelo a pamadenga a pa Dedza boma ndi a silicon? Mtengo. Silicon amachokera ku miyala ya quartz yomwe ili mbwee, pomwe gallium arsenide ndi wodula moti amamusungira masatelaiti.

Tsono ndikuuze mosapita m'mbali. Kuno kulibe fakitale yopanga zinthu zimenezi, ndipo sindikuona ikumangidwa iwe usanamalize digiri. Mapanelo ambiri amachokera ku China. Ofufuza za bandgap amadutsa pa digiri yoyamba, kenako masters kunja, ndipo njirayo ndi yaitali. Kuwerenga pa foni usiku sikukufikitsako.

Ntchito yomwe ilipo ili m'boma lako lomwe. Ku Golomoti kuli siteshoni ya sola ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire akuluakulu, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022. Malo otere amafuna mainjiniya odziwa chifukwa chake panelo imafooka ikatentha, osati ongomanga mawaya. Ine ndikanakhala iwe, ndikanaika uinjiniya wa zamagetsi ku MUBAS pamwamba pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite. Mzuni ili ndi maphunziro a mphamvu zongowonjezereka, ndipo ngati mtima uli pa kafukufuku, fizikisi ku UNIMA ndiye khomo lake.

Inu bambo, mwana wofunsa za maelekitironi popanda womutuma mukumutcha wachibwana? Malo a udokotala ku KUHeS ndi ochepa, ndipo akamusiya mudzati walephera, chonsecho munamusankhira ndinu. Udokotala si ntchito yokhayo yodyetsa banja. Musiyeni.

Koma iwenso m'kalata yonse sunatchule magiredi ako a masamu, ndipo zimenezo zandikayikitsa. Popanda kukhoza bwino masamu ndi fizikisi, zonse ndanenazi n'zolota. Funso lako ndi labwino, sindikukana. Undilemberenso zotsatira za mock zikatuluka, uike ndi magirediwo.