Za Carthage, poyankha funso la amalume

Amalume, moni wanu ndaulandira, ndipo ife kuno tili bwino. Mwafunsa pagulu lathu la banja ngati Carthage imene mwaimva pa wailesi, kumene akuti mtsogoleri wa dziko la Tunisia amakhala, ili yomwe ija tinaphunzira kusukulu kuti Aroma anaiwononga, komanso kuti ngati ndi yomweyo anthu akukhalamo bwanji. Ndaona kuti ndiyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo zaka zimene ndinakhala ku Tunis ndinkapitako kawirikawiri.

Malo ake ndi omwewo ndithu. Carthage ili m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, makilomita pafupifupi 15 kuchokera pakati pa mzinda wa Tunis, ndipo lero ndi dera la anthu opeza bwino, monga akazembe, akuluakulu a boma ndi mabanja achuma. Munthu amakwera sitima yotchedwa TGM, imene imadutsa pa njanji yomangidwa pakati pa madzi mpaka ku La Goulette, kenako nkumaima pa masiteshoni a Carthage Salammbô, Carthage Byrsa, Carthage Dermech, Carthage Hannibal, Carthage Présidence ndi Carthage Amilcar. Mukamva Hannibal mwamva mkulu wa asilikali uja anawoloka mapiri a Alps ndi njovu m'chaka cha 218 Yesu asanabadwe, pamene Amilcar anali bambo ake.

Amene anayambitsa mzindawu ndi amalonda ochokera ku Tyre, umene m'Baibulo timauwerenga kuti Turo, ndipo chaka chimene chimatchulidwa ndi 814 Yesu asanabadwe. Nthano yawo imati mfumukazi Elissa anapempha eni nthaka malo okwana chikopa chimodzi cha ng'ombe, ndipo atamulola anachidula tizingwe topyapyala nkuzinga nato phiri lonse la Byrsa. Mzindawo unalemera ndi malonda a panyanja mpaka unamenyana ndi Aroma nkhondo zitatu, ndipo pa yomaliza, m'chaka cha 146 Yesu asanabadwe, unatenthedwa ndipo otsala anagulitsidwa ukapolo. Zoti Aroma anathira mchere m'nthaka olemba a nthawi imeneyo sanazitchule, zinadzafala pambuyo pake.

Chimene kusukulu sanatiuze nchakuti patapita zaka zoposa 100 Aroma omwewo anaumanganso, nkukhala umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya ufumu wawo, wokhala ndi ngalande yobweretsa madzi kuchokera ku Zaghouan, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Pano ndikudziwa kuti inu, monga munthu wa mpingo, mutchera khutu. Perpetua ndi Felicity anaphedwera chikhulupiriro ku Carthage m'chaka cha 203, episkopi Cyprian anadulidwa mutu komweko m'chaka cha 258, ndipo Augustine Woyera anaphunzira mumzinda womwewu ali mnyamata. Aluya ataulanda m'chaka cha 698 anakonda kukuza Tunis, choncho Carthage inasanduka minda ndi mabwinja, ndipo miyala yake inkatutidwa kukamangira kwina kwa zaka mazana ambiri.

Kudzukanso kwake kukukhudza ife. Afalansa atayamba kulamulira Tunisia m'chaka cha 1881, Kadinala Lavigerie anamangitsa tchalitchi chachikulu cha Saint Louis pamwamba pa phiri la Byrsa, chimene chinatha m'chaka cha 1890. Lavigerie ameneyu ndi yemwe anayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers, amene anadzatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, kumene makolo athu anabatizidwira. Mmodzi wa ansembe ake, Bambo Delattre, anatha zaka zambiri akufukula zakale za m'derali, ndipo zimene anapeza ndi zimene zinayambitsa nyumba yosungiramo zakale ya paphiripo. Tsiku loyamba kukwera phirilo ndinaima nthawi yaitali pakhomo la tchalitchicho ndikukumbukira kwathu, ngakhale masiku ano sapemphereramonso, anachisandutsa malo a zoimbaimba.

Nanga chuma chinabwera bwanji? Malowo anali apululu, okwera, a mphepo yabwino yochokera kunyanja, ndipo sitima inali itafika kale, choncho Azungu ndi mabanja olemera a ku Tunis anayamba kumangako nyumba zothawirako kutentha kwa mumzinda. Carthage inakhala ndi khonsolo yakeyake m'chaka cha 1919. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1956, Habib Bourguiba, pulezidenti woyamba wa dzikolo, anakhazikitsa nyumba yachifumu m'mphepete mwa nyanja pomwepo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo Mtunisia akati Carthage yalamula amakhala akunena mtsogoleri wa dziko. Kumene kuli mfumu nkumene akuluakulu amafuna kuyandikira, ndipo mtengo wa malo unakwera.

Mukayenda m'misewu yake mumapeza bata lalikulu. Nyumba ndi zoyera, zobisika kuseri kwa mipanda yokutidwa ndi maluwa, pazipata zina pali alonda, ndipo madzulo fungo la maluwa a jasmine limamveka ponseponse. Chodabwitsa nchakuti zakale zili pakati pa nyumbazo. Doko lozungulira limene akuti linkasunga zombo zankhondo 220 lero likuoneka ngati dziwe la timabwato ta asodzi, lozingidwa ndi makonde a anthu. Mabwinja a mabafa aakulu a Antoninus, mfumu ya Aroma, achita malire ndi mpanda wa nyumba yachifumu, moti alendo amachenjezedwa kuti asalozetse kamera mbali imeneyo. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti bwalo la zisudzo la Aroma limadzaza usiku ndi anthu odzaonera oimba. Koma mukangobwerera pang'ono kulowera ku Tunis mwafika ku Le Kram, kumene anthu wamba akhala mothithikana, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso sitima isanathamange nkomwe.

Chimene chimandipweteka mtima, amalume, nchakuti nyumba zambiri zokongolazo zakhala pamwamba pa mzinda umene sunafukulidwe wonse. Bungwe la UNESCO linaika Carthage pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi m'chaka cha 1979, komabe m'nthawi ya pulezidenti Ben Ali malo ena anachotsedwa pa chitetezo kuti anthu oyandikana ndi olamulira amangepo, ndipo zimenezi zinadzathetsedwa boma lake litagwa m'chaka cha 2011. Maziko a simenti akalowa m'nthaka yotereyi, zimene zili pansi zimawonongeka osaonedwa ndi munthu aliyense, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku ndi kulanda ana a Tunisia chuma chimene si cha banja limodzi.

Ndili ndi zithunzi zimene ndinajambula pamwamba pa Byrsa, zoonetsa tchalitchi chija, mabwinja a nyumba zimene Aroma anazikwirira posalaza phirilo, ndi doko chakumunsi. Ndizitumiza pagulu pano madzulo ano kuti muzione pamodzi ndi azakhali, ndipo mundiperekere moni kwa onse kumudziko.