Zojambula za Aaborijini ndi nkhani ya chiyanjano ku Australia

Mwafunsa ngati zojambula ndi mabuku a Aaborijini zathandizadi kuyanjanitsa eni nthakawa ndi azungu a ku Australia, popeza masiku ano ntchito zawo zikutamandidwa kulikonse. Ine ndikuona kuti zathandiza kuti anthu ayambe kumva madandaulo awo, koma dziko likhoza kukonda luso la munthu kwinaku likumupondereza mwini lusolo, monga zinamuchitikira Albert Namatjira, Mwaborijini wojambula zithunzi ndi penti.

Namatjira anali wa fuko la Arrernte ndipo anabadwira ku mishoni ya Hermannsburg mu 1902. Zithunzi zake za mapiri ndi mitengo ya m'chigawo chapakati cha dzikolo zinatchuka kwambiri moti mu 1954 anakaonana ndi Mfumukazi Elizabeth. Mu 1957 iye ndi mkazi wake anapatsidwa ufulu wonse wa nzika, pomwe abale awo lamulo linkawatengabe ngati anthu oleredwa ndi boma. Ufuluwo unkamulola kugula mowa, koma kugawirako m'bale wake unali mlandu, chonsecho mwambo wa kwawo umafuna kuti chimene munthu wapeza adye ndi abale. Mu 1958 khoti linamugamula kuti akakhale m'ndende pa mlandu womwewo, ndipo chaka chotsatira anamwalira. Chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti mu 1983 ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye inagulitsa umwini wa zithunzi zake ku kampani ina pa madola 8,500 okha, ndipo adzukulu ake anakhala mu umphawi ena akupindula ndi ntchito ya agogo awo, mpaka umwiniwo unabwezedwa ku banja mu 2017.

Ku mbali ya zolembalemba phindu lake likuoneka bwino. Mlakatuli wachiaborijini Oodgeroo Noonuccal anatulutsa buku lake loyamba la ndakatulo mu 1964, ndipo olemba amene anabwera pambuyo pake anafotokoza za ana amene boma ndi mamishoni ankawalanda kwa makolo awo. Nkhani zimenezi, pamodzi ndi lipoti la boma la mu 1997 lokhala ndi umboni wa olandidwawo, zinakonza njira ya chipepeso chimene nduna yaikulu Kevin Rudd inapereka m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008. Sindikhulupirira kuti chipepesocho chikanatheka anthu wamba asanawerenge ndi kumva okha zimene zinkachitika.

Komabe mu October 2023, pa referendamu yofuna kukhazikitsa bungwe loti Aaborijini azilangiza nyumba ya malamulo, ovota pafupifupi 60 mwa 100 aliwonse anakana. Patangotha miyezi yochepa, wojambula wachiaborijini Archie Moore analandira mphoto yapamwamba ya Golden Lion pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice, m'dziko la Italy, chifukwa cha ntchito imene analembamo ndi choko mayina a makolo ake pakhoma, ndi kuunjika patebulo zikalata zokhudza Aaborijini amene anafera m'manja mwa apolisi ndi m'ndende. Dziko limene linanyadira mphotoyo ndi lomwe linali litangokana pempho la anthu ake.

Inu amene muli ku Australia ndipo mukufuna kugula chojambula, dziwani kuti kafukufuku wa boma wa mu 2022 anapeza kuti pa zinthu zitatu zilizonse zogulitsidwa kwa alendo m'dzina la Aaborijini, ziwiri sizinapangidwe ndi iwo. Ndi bwino kugula ku mabungwe a ojambula eni ake, monga Papunya Tula, imene yakhala m'manja mwawo kuyambira mu 1972, kuti ndalama zanu zifike kwa amene anagwira ntchitoyo.