Kodi wounika nyimbo za black metal angathe kuika pambali zokonda zake?

FUNSO: Akonzi, ndakhala ndikumvera nyimbo za black metal, mtundu wa rock yaukali ya magitala aphokoso ndi mawu okuwa, kwa nthawi ndithu, makamaka za magulu ang'onoang'ono osatchuka amene amadzijambulira okha zimbale zawo. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti chimbale chimodzi chomwecho wounika wina amachipatsa malikisi 9 pa 10, pamene wina amachipatsa 2 n'kunena kuti ndi phokoso lachabechabe. Kodi ulipo muyezo weniweni woyezera nyimbo zimenezi, kapena aliyense amangolemba zakumtima kwake? Ndikufunsa chifukwa nanenso ndikufuna kuyamba kulemba ndemanga zanga.
Wowerenga wanu, Lilongwe

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Muyezo umodzi wovomerezedwa ndi onse palibe, koma zimenezi sizikutanthauza kuti ndemanga zonse n'zofanana mphamvu. M'chimbale chilichonse muli zinthu zimene munthu aliyense wa makutu angazitsimikize, ndipo mulinso zina zimene zimadalira mtima wa womvera. Wounika wabwino ndi amene amadziwa pamene pali malire a ziwirizi, ndipo sabisira owerenga ake kuti mawu akutiakuti achokera mbali iti.

Vuto la black metal ndi lakuti miyezo imene timaigwiritsa ntchito pa nyimbo zina, monga kumveka bwino kwa mawu ndi kujambula kosalala, oyambitsa ake anaikana mwadala. Taganizirani za gulu la Darkthrone la ku Norway. Chimbale chawo choyamba, Soulside Journey cha 1991, chinali cha death metal, mtundu wina wa rock yaukali, ndipo anachijambulira mu situdiyo ya Sunlight ku Stockholm. Aliyense wochimvera amavomereza kuti anyamatawo ankadziwa kuimba zida. Patangopita zaka zitatu, mu 1994, anatulutsa Transilvanian Hunger, chimene Fenriz, mmodzi wa oimba a gululi, anaimba yekha zida zonse n'kuzijambula pa kamakina kakang'ono ka mizere inayi, mnzake Nocturno Culto n'kuikamo mawu. Magitala amamveka opyapyala ngati akuchokera kutali, ng'oma zimagunda mofanana pafupifupi nyimbo yonse, ndipo kachigawo kamodzi ka gitala, kamene oimba amati riff, kamabwerezedwa mpaka womvera kuiwala kuti kanayamba liti. Wounika amene angalembe kuti Darkthrone sankadziwa kujambula ndiye kuti walakwitsa mfundo ya mbiri, chifukwa umboni wakuti ankatha ulipo. Koma amene angalembe kuti kubwerezabwerezako kumamutopetsa sanalakwe chilichonse. Wangonena zoona za iye mwini.

Apa mpamene ambiri amapunthwa, ndipo amapunthwira mbali zonse ziwiri. Ena amadzudzula chimbale chifukwa chakuti n'chokhakhala, ngati munthu wodana ndi tsabola amene wapemphedwa kulawa ndiwo za kambuzi n'kumadandaula kuti zikuwawa. Ena, makamaka okonda magulu obisika, amayamikira chimbale chilichonse chojambulidwa moipa, poganiza kuti kukhakhala kwake ndiko chizindikiro chakuti oimbawo ndi enieni. Awa achiwiriwa amandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti masiku ano munthu mmodzi angathe kujambula chimbale chonse m'chipinda chake ndi kompyuta n'kuchiika pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, tsiku lomwelo, ndipo zambiri mwa zimbale zimenezi zimangotengera kamvekedwe ka ku Norway ka zaka za m'ma 1990 popanda ganizo lawolawo. Kujambula moipa n'kosavuta. Chovuta ndi kupeka riff imene ingapirire kubwerezedwa kwa mphindi zisanu ndi ziwiri osafa.

Komanso si zoona kuti black metal yoyambirira yonse inali yokhakhala. M'chaka chomwecho cha 1994, gulu la Emperor linatulutsa In the Nightside Eclipse, chimene chinajambulidwa mu situdiyo ya Grieghallen mumzinda wa Bergen ku Norway ndi katswiri wotchedwa Pytten, ndipo n'chodzaza ndi kiyibodi. Chimbalechi ndi Transilvanian Hunger n'za dziko limodzi ndi chaka chimodzi, koma zolinga zake n'zosiyana, choncho funso loyamba la wounika liyenera kukhala lakuti oimbawa ankafuna kuchita chiyani, ndipo lachiwiri likhale lakuti achikwanitsa kapena ayi.

Zimene mungatsimikize ndi makutu anu n'zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mungamve ngati woimba ng'oma akutsalira m'mbuyo pamene akumenya mwaliwiro, ngati ng'omazo n'za munthu kapena za makina, ngati besi ikumveka n'komwe, ndiponso ngati riff ina yabedwa ku chimbale chakale. Mukanena zimenezi, tchulani nyimbo yake ndi mphindi yake, kuti wowerenga akamvere yekha ndipo akutsutseni ngati mwaphonya. Koma mukafika ponena kuti nyimbo inakuchititsani nthumanzi kapena kuti inakusiyani mmene munalili, lembani kuti ndi inu amene mwamva choncho. Ineyo ndimakonda zimbale zokhakhala kuposa zosalala za magulu monga Dimmu Borgir, ndipo ndimaona kuti wowerenga ayenera kudziwa zimenezi asanakhulupirire chiweruzo changa pa chimbale chodzaza ndi zida za okesitira.

Mkangano umene unabuka mu 2013 pa chimbale cha Sunbather cha gulu la Deafheaven la ku San Francisco umasonyeza bwino kusokonezeka kumeneku. Olemba nkhani za nyimbo ambiri anachitamanda, pamene okonda black metal ena anachikana, ndipo mwa zifukwa zawo panali chikuto chake cha mtundu wa pinki ndi maonekedwe a oimbawo. Kunena kuti chimbalecho chasakaniza black metal ndi mitundu ina ya nyimbo ndi mfundo yotsimikizika, koma kunena kuti n'choipa chifukwa cha chikuto ndi kuweruza chinthu chimene makutu sanachimve.

Pali nkhani ina imene musadzaizembe mukayamba kulemba. Mbiri ya nyimbozi ili ndi mabala enieni: tchalitchi chakale chamatabwa cha Fantoft pafupi ndi Bergen chinatenthedwa mu 1992, ndipo mu 1993 Varg Vikernes, amene ankatulutsa nyimbo pa dzina la Burzum, anapha Euronymous wa gulu la Mayhem, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 21. Mpaka lero alipo magulu amene amafalitsa tsankho la mitundu m'mawu a nyimbo zawo. Ngati gulu limene mukuliunika lili lotero, muuzeni wowerenga poyera ngakhale nyimbozo zitakukomerani chotani, chifukwa iyeyo ndi amene akatulutse ndalama zake, ndipo ali ndi ufulu wodziwa amene akumulipira.