Mphamvu yake iti? Mafunso a ophunzira fizikisi ndi kalikulasi

Mafunso a sabata ino achokera kunyanja, ndipo onse ndi a anthu amene sayansi amaiphunzira m'Chingerezi koma akufuna kuifotokozera abale awo m'Chichewa.

Funso: Ndine wa ku Senga Bay ndipo ndili chaka choyamba ku koleji. Patchuthi bambo anandifunsa zomwe timaphunzira mu fizikisi. Nditayamba kufotokoza force, energy ndi power, zonse zimatuluka kuti mphamvu, mpaka bambo anaseka n'kunena kuti ndikungobwereza. Kodi Chichewa chathu n'choperewera?

Yankho: Bambo anasekera pabwino, koma Chichewa sichinaperewere. Inu mumasaka dzina pomwe chiyankhulo chathu chimakonda mneni. Force muinene kuti kukankha kapena kukoka: asodzi akamakoka chilimira, ng'ombe zikamakoka ngolo, dziko likamakokera mwala pansi, ndi yomweyo, ndipo imayezedwa m'ma newton. Energy ndi mphamvu yosungika, imene ingathe kugwira ntchito, monga ili mu petulo, m'batire kapena m'nsima mwadya masana, ndipo muyezo wake ndi ma joule. Power ikufunsa funso lina: mphamvu yosungika ija ikugwiritsidwa ntchito mofulumira bwanji? Joule imodzi pa sekondi ndiye wati imodzi.

Bambowo atengereni ku magetsi, chifukwa kumeneko akudziwa kale. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, omwe anatsegulidwa mu 2021, amatchulidwa kuti ndi a mamegawati 60 (megawati imodzi ndi mawati miliyoni imodzi). Imeneyo ndi power, yonena kuchuluka kwa magetsi omwe malowo angatulutse pa sekondi iliyonse dzuwa likaswa mtengo. Mayuniti amene amagula ku ESCOM ndiwo energy. Babu la mawati 100 likayaka maola 10 ladya yuniti imodzi, pomwe mbaula ya mawati 1,000 imadya yuniti yomweyo m'ola limodzi. Munthu aliyense amene mayuniti anamutherapo ndiwo zili pamoto sasowa mphunzitsi pamenepa.

Koma pa mawu oti ntchito chenjerani, mungapalamule. Mu fizikisi ntchito yagwirika pokhapokha chinthu chasuntha cholowera komwe chikukankhidwira kapena kukokedwera. Mukakweza thumba la makilogalamu 50 pa thilaki, mita imodzi kuchoka pansi, mwagwira ntchito ya ma joule 490. Mayi amene waima pa depoti ya basi atasenza thumba lomwelo kwa ola lathunthu, pa masamu awa sanagwire ntchito pa thumbalo, ngakhale khosi likuwawa. Musakawauze choncho mayiwo. Muzinena kuti ntchito ya mu fizikisi, kuti womvera adziwe kuti mawuwo mwawapatsa tanthauzo lapadera.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Nkhotakota. Ana akafunsa kusiyana kwa mass ndi weight ndimagwidwa njakata, poti zonse timati kulemera.

Yankho: Aphunzitsi, mawu oti kulemera asiyireni weight. Munthu akati thumba likulemera, akunena zomwe msana wake ukumva, ndiko kukoka kwa dziko. Mass muziti kuchuluka kwa zinthu zomwe zili m'thumbamo. Mpunga wa makilogalamu 50 ndi womwewo kulikonse, kaya ku Dwangwa kaya kumwezi, palibe njere yasowa. Koma pano dziko limaukoka ndi ma newton 490, poti timachulukitsa 50 ndi 9.8, omwe ndi ma newton amene dziko limakokera kilogalamu iliyonse, pomwe kumwezi ungakokedwe ndi ma newton pafupifupi 81 okha, moti mwana wa sitandade 8 angaunyamule. Pamsika anthu apitiriza kunena kuti thumba likulemera makilogalamu 50, ndipo ine sindingapite kukawakonza. M'kalasi mokha ndimo muyenera kulekanitsa.

Funso: Ndimakhala ku Chipoka ndipo ndangoyamba kalikulasi. Mnzanga akuti limit ndi malire. Nanga derivative tinganene bwanji?

Yankho: Malire ayi, ameneyo akusokeretsani. Malire ndi pomwe munda wanu wathera ndi kuyambira wa mnzanu, ndipo wophunzira akamva mawuwo amaganiza za mpanda woletsa kudutsa. Chomwe kalikulasi, masamu a kusintha kwa zinthu, ikufunsa pa limit ndi chakuti nambala zikuyandikira kuti. Mneni woti kuyandikira ndiye wanu.

Tiyambire pa minibasi. Ikayenda makilomita 100 m'maola awiri, timati imathamanga makilomita 50 pa ola. Koma amene anakwerapo pa msewu wa M5 akudziwa kuti inaima pa Khombedza kutsitsa anthu, inakwawa pa maenje, kenako inauluka. Nambala ya 50 ija ndi liwiro la ulendo wonse. Kamuvi komwe dalaivala amayang'ana kutsogolo kwake kamaonetsa liwiro la pa kamphindi komweko, ndipo derivative ndi imeneyo: chinthu chikusintha mofulumira bwanji pompano.

Vuto n'lakuti kamphindi kalibe utali woti mugawe nawo mtunda. Ndiye timazembera. Mwala ukagwa kuchoka pamalo okwera, tikapanda kuwerengera mphepo, mtunda womwe wayenda ndi mamita 4.9 kuchulukitsa ndi masekondi, n'kuchulukitsanso ndi masekondi omwewo. Tikufuna liwiro lake pomwe yangokwana sekondi imodzi. Kuyambira pa sekondi 1 kufika pa 1.1, liwiro likutuluka mamita 10.29 pa sekondi. Tikachepetsa mpatawo kuti uthere pa 1.01, likutuluka 9.849. Tikauchepetsanso kufika pa 1.001, likutuluka pafupifupi 9.805. Mukuona komwe nambalazi zikulowera? Zikuyandikira 9.8. Limit ndi imeneyo, ndipo liwiro la mwalawo pa kamphindi kameneko ndi mamita 9.8 pa sekondi. Nzeruyi anaipeza Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany, aliyense payekha. Leibniz anasindikiza zake mu 1684, ndipo ka d komwe mumalemba mu dy/dx, chizindikiro cha derivative, n'kake.

Poti tafika pa liwiro, ndionjezepo pang'ono. Velocity ndi liwiro lotchula ndi komwe chinthu chikulowera. Acceleration anthu ambiri amaimasulira kuti kuwonjezera liwiro, koma ndi theka chabe. Dalaivala akaponda mabuleki pa rodibuloko, kapena akakhota pa kona liwiro lili lomwelo, fizikisi imati pali acceleration. Muziti kusintha kwa liwiro kapena kwa kolowera.

Funso: Tinatsutsana pa bawo ku Kamuzu Road. Timati fizikisi ndi yovuta kapena ndi wovuta? Nanga masamu?

Yankho: Masamu ndi ovuta, pamenepo palibe mkangano, chifukwa mawuwa amayenda ngati madzi ndi mafuta: masamu awa, masamu anga. Fizikisi ndi kalikulasi ndi alendo, ndipo mawu obwereka otchula zinthu nthawi zambiri amalowa m'gulu la nyumba ndi mbale, monga tinachitira ndi sukulu, galimoto ndi kompyuta. Choncho ine ndimalemba kuti fizikisi ndi yovuta, kalikulasi yandizunguza. Amene amati wovuta akutsata njira ya mawu ena obwereka monga buledi ndi shuga, omwe timati buledi watha, shuga wakwera mtengo, ndiye sanachite kupeka. Koma pa mayina a maphunziro khutu langa limamva yovuta, monga timanenera kuti sayansi ndi yofunika. Miyezo ikachuluka imatenga ma: mamita, makilogalamu, masekondi, mawati. Ngati pa bawopo munabetcherana fanta, agule ndi amene anati wovuta.